Khosi la a Darmaji

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ine ndinkayang'ana kumwamba, a Darmaji ankayang'ana pansi. Imeneyo ndiyo inali ntchito yathu padoko la makontena kuno ku Surabaya. Iwo ankakhala m'kanyumba ka kireni nambala folo, mamita makumi anayi pamwamba pa madzi, kanyumba kamene pansi pake ndi galasi lokhalokha. Ankakhala pampando atatangadza miyendo, atawerama, maso ali pakati pa mapazi, n'kumatola makontena musitima kuwaika pamalole. Ine Solikin ndinkaima pasitimapo, ovaova, wailesi yathu yolankhulirana, ili m'manja, mutu nditaupendekera kumbuyo, n'kumawauza zimene iwo sakanatha kuona: tsitsani, dikirani, pali munthu, kwezani.

Makosi athu anatengera ntchitoyo. Langa linapendekera kumbuyo, la a Darmaji linagwera kutsogolo ndipo linaumira komweko. Tikamalowa m'kantini masana, mayi ogulitsa mpunga ankafuula kuti, "Afika aja! Wina akuwerenga mbalame, wina akufunafuna singano. Kuwaphatikiza awiriwa tikhoza kupezapo munthu mmodzi wowongoka." Ife tinkangoseka, chifukwa mayi amene ali ndi chipande m'manja sukangana nawo.

Kumwambako ine ndinakwerako kamodzi kokha. Ndili wachinyamata ndinkafuna nanenso kuyendetsa kireni, ndipo a Darmaji ananditenga kuti ndikaone. Nditangoponda galasi lija n'kuona malole ali ngati mabokosi a machesi, ndinadzigwetsa pansi. Ndinagona chafufumimba, chakudya cham'mawa chonse n'kuchisiya pagalasipo. Iwo anapukuta okha, ananditsitsa atandigwira lamba, n'kundilonjeza kuti sauza munthu. Pofika madzulo doko lonse linali litamva, ndipo nkhaniyo inkakula chaka ndi chaka.

Koma kunena zoona, munthu uja kireni ankaidziwa. Kontena ikamalendewera pazingwe imagwedezeka, ndipo woyendetsa wosadziwa amataya nthawi kudikira kuti ikhale bata. A Darmaji sankadikira. Ankaithamangira, n'kuigwira ili pakati pa ulendo, imvekere zii, ngati mwana wolira akamva dzanja la amake. Ankaitula palole mwakachetechete moti dalaivala ankachita kusuzumira kuti aone ngati katundu wafika. Ukawafunsa chinsinsi ankati, "Kontena sumaiona ndi maso okha ayi. Umaimva m'matako."

Tsiku lina Lolemba anatiitanira mu holo. Bwana wina wachinyamata, wa malaya osapindika, analankhula kwa ola lathunthu za kutukula maluso a antchito. Ine mawu okoma chonchi ndimawaopa, chifukwa mbuzi amaisisita kaye asanaizinge. Mfundo yake inali yakuti m'tinyumba tam'mwamba tija simudzakhalanso munthu. Makireni onse adzayendetsedwa kuchokera m'chipinda chimodzi kuofesi, munthu atakhala padesiki, akuyang'ana masikirini. Oyendetsa onse achite kosi ya milungu isanu ndi umodzi. Mayeso ndi katatu basi. Wolephera katatu konse apite kugulu lomanga makontena ndi zitsulo kuti asagwe pasitima, kapena apume pantchito.

Kumanga makontena ndi ntchito ya anthu a misana yanthete, kunyamula zitsulo zazitali tsiku lonse padzuwa. A Darmaji anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo msana wawo ngakhale chidebe cha madzi unkachikana. Tonse tinadziwa kuti kwa iwo njira zinali ziwiri zokha: kukhoza mayeso, kapena kupita kunyumba.

"Solikin, ukalembetse nawo," anandiuza tikutuluka.

"Ine? Achimwene, galasi lanu lija mwaliiwala?"

"Kumeneko kulibe galasi, chitsiru iwe. Sunamve? Akuti aliyense amene watha zaka khumi padoko pano ndi wololedwa. Ukangondiperekeza. Zamakompyutazi ine zimanditulutsa thukuta."

"Nanga ndikakakhoza ine, inu n'kulephera?"

"Iwe? Nkhuku iyambe yamera mano."

Ndinalembetsa. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti ndinapita ngati woperekeza, ndipo mumtima mwanga munalibe china.

Mphunzitsi wathu anali mayi Ratih, mayi wa zaka ngati makumi atatu, wolankhula motsitsa mawu. Bambo awo anayendetsapo lole padoko lomweli, choncho sankatiyang'ana ngati zinthu zakale zofunika kutaya. Anatilowetsa m'chipinda chozizira ngati m'firiji, n'kutionetsa makina ophunzirira: desiki, ndodo ziwiri zowongolera, ndi masikirini asanu ndi imodzi. Yaikulu pakati inkaonetsa kontena, ang'onoang'ono m'mbali ankaonetsa pasitima ndi pamene pamaima malole. Sitimayo inali yabodza, makontena abodza, mphepo yabodza. Zolakwa zokha ndizo ankazilemba zenizeni.

"Tiyambe ndi katswiri wathu," anatero mayi Ratih. "Bambo Darmaji, khalani apa."

Anakhala, napukuta manja pamawondo, nagwira ndodo zija. Atangozigwira, miyendo inatseguka yokha, mutu unagwa, n'kuyamba kuyang'anitsitsa matailosi a pakati pa nsapato zawo. Anakhala choncho, chete, kudikira kuti sitima ionekere pansipo.

"Bambo Darmaji, sitima ili kutsogolo kuno," anatero mayiwo mwaulemu.

"Mwataya chiyani pansipo, madala?" anafunsa Kasno, woyendetsa kireni nambala sikisi, munthu wa pakamwa posatseka. "Tikuthandizeni kufuna?"

Chipinda chonse chinafa nacho chikhakhali, ndipo amene anaseka kwambiri ndine. Ndinaseka mpaka misozi. A Darmaji nawo anaseka, n'kudzutsa mutu. Ndikanakhala ndi njira yobwezera kuseka kumene kuja m'kamwa, bwenzi nditakubweza kalekale.

Tinkayesa kuti ndi za tsiku loyamba. Sabata inatha, yachiwiri inatha, zinthu osasintha. Ntchito ikamayenda pang'onopang'ono ankakwanitsa kuyang'ana kutsogolo, khosi lili njenjenje. Koma kontena ikangogwedezeka, kapena ikatsala pang'ono kufika palole, mutu unkathawira pansi iwo asanaganize n'komwe. Akadzaudzutsa, kontena yagunda kale inzake. Kasno ankati kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kumumenya ndi mpando chifukwa cha mawu amenewa.

"Mpando uwu ndi wakufa, Solikin," anandiuza tsiku lina tikumwa khofi. "Kumwamba kuja mphepo ikabwera ndimaimva isanafike pakontena. Zingwe zikalemedwa, msana umandiuza. Pano ndakhala ngati ndili pamzere wa kuchipatala. Manja akudziwa chochita, koma palibe akuwauza nthawi yake."

Koma kwa ine zinthu zinkayenda, ndipo zinkayenda mochititsa manyazi. Zimene makamera aja amaonetsa ndi zimene ndakhala ndikuziona moyo wanga wonse: kontena kuchokera m'mbali, ngodya yake ikufunafuna ngodya ya inzake. Kuyang'ana uku ndi uku kufuna munthu woyenda pamalo olakwika ndinakuzolowera. Khosi langa lopendekera kumbuyoli linagwirizana ndi masikirini ngati anachita kundiyeza. Ndinkayesa kulakwitsa dala a Darmaji akakhala pafupi, koma mayi Ratih anandigwira. Anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Bambo Solikin, kudzipunthwitsa kwanu sikuwongola khosi la anzanu."

Mayeso oyamba ndinakhoza. A Darmaji analephera, atagunda makontena atatu. Pepala langa ndinalipinda kanayi n'kulibisa m'thumba, koma padoko nkhani imayenda mofulumira kuposa lole.

"Woperekeza wakwatira mkwatibwi!" anafuula Kasno m'kantini.

Palibe anaseka. A Darmaji anaimirira, nabwera pamene ndinakhala, nandigwira chanza ndi manja awiri. "Wachita bwino, mng'ono wanga. Mayi, mupatseni nsomba yaikuluyo, ndilipira ine." Nsomba ija ndinaidya yonse chifukwa ankandiyang'ana, koma sindinamve kukoma kwake.

Lamlungu masana ndinapita kwawo. Akazi awo, a Lasmini, anandilandirira pakhonde n'kundikhazika pampando ndisanalowe.

"Alamu, suzumirani pazenera, koma asakuoneni."

Ndinasuzumira. A Darmaji anali atakhala patsogolo pa wailesi yakanema yozimitsa, dzanja lililonse litagwira mthiko, akuyendetsa kireni yosaoneka. M'khosi anali atavala chija amavala anthu ochita ngozi yapamsewu, chouma, chofika m'chibwano.

"Anakagula kusitolo ya mankhwala," ananong'oneza a Lasmini. "Akuti khosi likakana kumva, tilimange. Akachivala ola limodzi amachita chizungulire, dzanja lamanzere limachita dzanzi. Ndikawauza amandikalipira. Alamu, musandinamize. Akhoza?"

"Akhoza, alamu. Mphini yobwereza imawala."

"Ndati musandinamize." Anandiyang'ana mpaka ndinazolika. "Kudya sitigona ndi njala, ana anakula. Koma munthu uyu pansi pano sadziwa kukhala. Tchuthi cha masiku atatu chokha amangozungulira nyumba, kukonza zinthu zosawonongeka. Mukandibwezera kuno kuti akhaliretu, ndidzamuika m'manda chaka chisanathe."

Mayeso achiwiri analowa atavala chomangira khosi chija. Kasno yemwe sanatsegule pakamwa. Mutu unalidi chilili, koma maso okha ankatsetserekera pansi, kufunafuna galasi, mpaka misozi inayamba kutsika chifukwa cha kukoka. Atanyamula makontena asanu ndi atatu nkhope inatuwa, dzanja linaphonya ndodo, ndipo mayi Ratih anaimitsa makina n'kuwapatsa madzi. Unatsala mwayi umodzi.

Nzeru inandibwerera ndikuvula nsapato pakhomo la mzikiti. Ngati khosi silingapite kusikirini, bwanji sikirini isapite kukhosi? Ndinathamangira kwa mayi Ratih. Anandimvetsera, naluma mlomo, kenako anati Loweruka masana mabwana kulibe, tibwere ndi sikuludiraiva.

Tinamasula sikirini yaikulu ija n'kuigoneka pansi, pakati pa miyendo ya mpando, titaitsamiritsa pakatoni. A Darmaji anakhala, natangadza miyendo, nawerama. Ndinaona mapewa awo akutsika ngati munthu amene wafika kwawo atayenda ulendo wautali.

Abale, ndinaonapo ntchito, koma ya tsiku limenelo sindidzaiiwala. Kontena zinkauluka. Mayi Ratih anawonjezera mphepo, iwo anaithamangira n'kuigwira. Anawonjezera mafunde kuti sitima izivina, iwo anavina nayo. Ankaimba chamumtima kanyimbo kawo kopanda mutu kamene ndinkakamva pa ovaova zaka zonsezi. Pa ola limodzi ananyamula makontena makumi atatu ndi imodzi, osagunda ngakhale kamodzi. Pamakina amenewo panalibe anafikapo pamenepo, ngakhale amene anawabweretsa. Kasno, amene anabwera kudzaseka, anavula chipewa.

"Lolemba ndikalankhula ndi mabwana," anatero mayi Ratih. "Ndikawaonetsa manambala amenewa."

Tinapita kunyumba tikuyenda ngati anyamata. A Darmaji anagula nkhuku yowotcha yathunthu kupita nayo kwa akazi awo.

Lachiwiri mayi Ratih anatiitana awiri. Nditangoona mmene anakhalira ndinadziwa.

"Akana," anatero. "Akuti desiki iliyonse azigwiritsa ntchito anthu anayi mosinthana, sangamamasule sikirini shifiti iliyonse. Pamenepo ndinalimbana nawo, ndinati tipatule desiki imodzi. Ndiye anandifunsa funso limene ndinalibe yankho lake. Akuti bambo Darmaji akamayang'ana pansi, masikirini a m'mbali aziwayang'ana ndani?"

"Zaka zonsezi ankawayang'ana ndani?" ndinakalipa. "Anaphapo munthu? Afunseni mabwana anuwo, anaphapo munthu?"

"Zaka zonsezi maso a m'mbali munali inu, bambo Solikin. M'dongosolo latsopanoli pasitima sipadzakhala munthu wa ovaova. Woyendetsa azidzionera yekha."

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kuuza mayi amene anatichitira chifundo. Ndinati anthu a muofesi amaopa chilichonse chimene sichinalembedwe m'buku. Ndinati akufuna kuchotsa okalamba, nkhani ya masikirini ndi chonamizira. Ndinati ndikasiya satifiketi yangayo pakhomo la bwana wamkulu, aziyendetsa yekha. A Darmaji anangondigwira mkono.

"Khala pansi, ukuchititsa manyazi. Mayi, mayeso ndi liti?"

"Lachinayi m'mawa."

"Ndibwera. Khosi ndi langa, lindimvera."

Lachinayi anabwera atameta, atavala malaya oyera opitira kumzikiti Lachisanu, chomangira khosi atachisiya kunyumba. Mayi Ratih anandilola kukhala kumbuyo, ndipo ndinalonjeza kuti sinditsokomola n'komwe. Makontena anali makumi awiri. Kugunda kunkaloledwa kawiri. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkathetsa mayeso nthawi yomweyo: kutsitsa katundu pali munthu pansi.

Anayamba pang'onopang'ono. Mutu uli chilili, mitsempha ya m'khosi itatupa, thukuta likutsika m'chipinda chozizira chija. Yoyamba inafika bwino. Yachisanu. Yakhumi. Ndinkawerenga ndi zala, ndikupemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa ndi ena ongopeka. Pa yakhumi ndi chiwiri anagunda pang'ono, koma mutu sunagwe. Atatula yakhumi ndi chisanu ndi chimodzi ndinaona mayi Ratih akumwetulira chobisa, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene ndikawauzire a Lasmini.

Pa yotsatira makina anatumiza mphepo yamkuntho. Kontena inakankhidwira kumbali mwamphamvu, n'kuyamba kubwerera. Mutu wa a Darmaji unagwa.

Sunakhalitse pansi. Mwina kupuma kuwiri. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti manja aja, maso ali pamatailosi, anaithamangira kontena ija n'kuigwira. Inaima zii, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Palibe munthu wina padoko lino akanachita zimenezo osayang'ana. Anayamba kuitsitsa bwinobwino, akudzutsa mutu.

Belu linalira. Masikirini onse anafiira.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Darmaji. "Sindinagunde. Mayi, sindinagunde!"

Mayi Ratih anafika padesiki paja. Anabweza chithunzi cha sikirini yakumanzere kuti tione. Nthawi imene mutu unali pansi, kamunthu kabodza kanatulukira kuseri kwa makontena, katavala chipewa choyera ndi chijekete chachikasu, ovaova ili m'manja. Kanayenda n'kukaima pamene kontena inkatsikira, mutu kataupendekera kumbuyo. Kenako kontena inakaphimba.

A Darmaji anapempha kuti abwezenso. Anaonera kachiwiri, nkhope ili pafupi ndi sikirini. Kenako anatembenuza mpando, nandiyang'ana.

"Solikin, ndakupha."

"Achimwene, ndi kachidole ka pakompyuta. Ine ndili pano."

"Ndakupha, mng'ono wanga. Unaima pomwe umaima masiku onse, ndipo sindinakuone."

Mayi Ratih anatseka chitseko, natsitsa mawu. "Bambo Darmaji, mverani. Makinawa nthawi zina amachedwa kuonetsa zithunzi, zinachitikapo. Ndikhoza kulemba kuti lero anavuta. Mayesowa sawerengedwa, mubwereza sabata yamawa. Munatsala ndi atatu okha."

Ndinalumpha pampando. "Lembani, mayi! Anavutadi, inenso ndinaona, chithunzi chinkadukaduka. Ndisayina ngati mboni. Achimwene, mwamva? Sabata yamawa!"

"Makina sanavute," anatero a Darmaji.

"Anavuta!"

"Solikin, usandiphunzitse bodza ndili ndi imvi. Sabata yamawa mwina mphepo sidzabwera, ndidzakhoza. Ndiye adzandipatsa kireni yeniyeni. Tsiku lina mphepo yeniyeni idzabwera, mutu uwu udzagwa, ndipo pansipo padzakhala mwana wa munthu. Ndidzapita ine kukauza amake kuti khosi langa ndi lozolowera?" Anatembenukira kwa mayi Ratih. "Mwana wanga, Mulungu akudalitseni, koma musaike ntchito yanu pamoto chifukwa cha ine. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sindinakandepo munthu ngakhale chala. Ndilekeni ndipite nazo kunyumba zili choncho. Lembani zimene mwaona."

Mayi Ratih analemba akulira. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinakwiyira mabwana, ndinakwiyira makina, ndinakwiyira a Darmaji chifukwa chokana, koma koposa zonse ndinadzikwiyira ndekha, chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo ine ndinali wokonzeka kusayina.

Tinatuluka dzuwa lili paliwombo. Ndinkayesa apita kuofesi kukasiya chiphaso, koma anandikokera pabenchi ya pafupi ndi geti, pamene makireni amaonekera onse pamzere. Nambala folo inali itaima, amisiri ovala zofiira ali balalabalala pamwamba pake.

"Uli ndi cholembera?"

"Ndili nacho."

"Tulutsa pepala. Mutu wakowo ndimaudziwa, ndi dengu lobooka. Lemba. Buleki ya folo yakumanzere imachedwa pang'ono kugwira, makamaka m'mawa zitsulo zisanatenthe. Uziyamba kuimitsa msanga, usadikire kuti ufike. Walemba?"

"Ndalemba."

"Mphepo ikachokera kuchilumba cha Madura, kireniyi imakhota mphuno. Usalimbane nayo, uziipatsa mpata ibwerere yokha. Ukamva kulira ngati mphaka pokweza, si vuto, ndi gudumu lachitatu, lakhala likulira chibwerere. Koma ikalira motsitsa, ngati ng'ombe, imitsa pomwepo uitane amisiri, ngakhale bwana akalipe. Ndiponso sikonda kudzidzimutsidwa. Kontena yoyamba ya tsiku uziinyamula mwaulemu."

Ine ndinkadziwa zimene amisiri ofiira aja ankachita kumwambako, chifukwa ife okhoza anali atatiuza kale m'kalasi. Ankachotsa mabuleki onse, mamota ndi magudumu, kuikamo zatsopano. M'chipinda chathu simudzamveka kulira kwa chitsulo chilichonse. Ndipo palibe adzakhale ndi kireni yakeyake: kompyuta izidzakupatsa imene yafuna munthu nthawi imeneyo, mphindi ziwiri uli pa folo, mphindi ziwiri pa seveni, mwina osadziwa n'komwe kuti uli pa iti.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Anali akuloza ndi chala, maso akuwala, akufotokoza za bawuti ina imene imamasuka nyengo ya mvula.

"Bwanji wasiya kulemba? Watopa kale?"

"Ayi, achimwene. Pepala ladzaza."

"Tembenuza kuseri. Zatsala zambiri."

Ndinatembenuza. Analankhula mpaka mthunzi wa geti unafika pamapazi athu, ndipo ndinalemba zonse, osasiyapo ngakhale liwu limodzi.